Ndikhale loya kapena paralegal? Yankho kwa mtsikana wa ku Balaka

"Zikomo mayi. Ndine mtsikana wa zaka 20, kwathu ndi ku Balaka. Ndinalemba MSCE chaka chatha, ndinapeza mapointi 19, ndipo Chingelezi ndinakhoza bwino. Kuyambira kale ndimalakalaka ntchito ya zamalamulo. Chimene chinandilimbitsa mtima ndi chakuti achimwene anga anakhala pa rimandi miyezi yambiri atawanamizira kuba mbuzi, kenaka anangowatulutsa mlandu osazengedwa, ndipo pakhomo pathu panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kokadandaula. Tsopano mutu wandizungulira. Anzanga akuti ku Zomba sangandilole kuphunzira zamalamulo ndi MSCE yokha. Amalume andipezera koleji ina m'tauni imene ikuphunzitsa dipuloma ya paralegal, ndipo akuti ndikamaliza ndidzakhala loya wamng'ono. Palinso koleji ina ikulengeza maphunziro a criminal justice. Fizi yanga ichokera ku thonje ndi nandolo wa bambo, sindikufuna ipite m'madzi. Ndilowere kuti?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani ndi zimene zinawaonekera achimwene anuwo. Mtima ukhale m'malo, simunachedwe ndipo palibe khomo limene lakutsekerani. Mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba la bambo. Ambiri amene amandipeza ndi funso ngati lanuli amabwera atalipira kale zaka ziwiri, pepala lili m'manja, akudabwa kuti bwanji kulikonse kumene akupita akungowauza kuti "tikuimbirani".

Zinthu zitatu mwatchulazi zimamveka ngati za mtundu umodzi, koma chilichonse chimakufikitsani pa ntchito yakeyake. Choncho musanafunse kuti koleji yabwino ndi iti, dzifunseni kuti mukufuna kudzamagwira chiyani kukacha Lolemba. Kodi mukufuna kuima pamaso pa woweruza n'kumalankhulira munthu? Kapena mukufuna kukhala pafupi ndi anthu, ku polisi, ku ndende ndi kumudzi, kuwafotokozera ufulu wawo ndi kukankha mafayilo amene aiwalika? Kapena mtima wanu uli pa ntchito ya chitetezo, kufufuza milandu ndi kusamalira ana olakwira malamulo? Tiyambe ndi uloya, poti ndi umene anzanu akuopsezani nawo.

Anzanuwo sananame kwenikweni, koma sanamalize nkhani. Maphunziro a digiri ya zamalamulo ku Zomba, pa sukulu imene tinkaitcha Chancellor College ndipo kuyambira 2021 ikudziwika kuti University of Malawi payokha, mwachizolowezi satenga munthu wochokera ku fomu 4 mwachindunji. Amafuna munthu amene wayamba kale digiri ina n'kumaliza bwino chaka choyamba, kapena amene ali kale ndi digiri, ndipo onsewo amapikisana pa malo ochepa. Mukasankhidwa mumaphunzira zaka zinayi. Ndiye kwa inu njira yake ndi iyi: mulembe kalata yofunsira malo m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo musankhe maphunziro monga a Humanities kapena Social Science. Chofunika polowa ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingelezi, ngakhale kuti mpikisano umakweza muyezo kuposa pamenepo. Mapointi 19 si oipa, koma sindingakulonjezeni malo. Mukalowa, chaka choyambacho muchigwire ngati mayeso olowera ku zamalamulo. Langizo langa apa ndi lakuti musankhe maphunziro amene mungakondwe kuwamaliza ngakhale ku zamalamulo atapanda kukutengani. Ndaona ana anzeru akuvutika zaka zinayi ndi digiri imene sanaifune, chifukwa anangoitenga ngati podutsira. Ndaonanso ena atalephera ulendo woyamba, n'kumaliza digiri yawoyo, kugwira ntchito pang'ono, kenaka n'kubwerera kukaphunzira zamalamulo ali ndi mabanja. M'kalasi ya zamalamulo mumapezeka aphunzitsi akale, apolisi, atolankhani ndi azibusa.

Si ku Zomba kokha. Catholic University ku Nguludi m'boma la Chiradzulu imaphunzitsanso zamalamulo, ndipo pali masukulu ena omwe si aboma amene amalengeza digiri yomweyo. Ena amaphunzira pa intaneti ndi mayunivesite akunja monga UNISA ya ku South Africa kapena University of London. Koma dziwani kuti digiri payokha sikusandutsani loya. Lamulo loyendetsa maphunziro ndi ntchito ya maloya linakhazikitsa khonsolo yoona za maphunziro a zamalamulo, komanso sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, imene anthu amangoti MILE, kumene omaliza digiri amakaphunzira kagwiridwe ka ntchito ndi kulemba mayeso a malamulo a dziko lino. Kenaka munthu amapempha kwa mkulu wa oweruza milandu kuti amulole kugwira ntchito ya uloya, amalumbira, amalowa m'bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndipo chiphaso chake chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Amene ali ndi digiri yakunja, kapena ya sukulu imene khonsolo siyikuizindikira, ndi amene amakodwa pakati pa njirayi. Musanalembetse digiri ya zamalamulo kulikonse, funsani ku khonsoloyo ngati omaliza pa sukuluyo amaloledwa kupitirira mpaka kulumbira. Musafunse kwa amene akulandira fizi, iwo adzangoti eya.

Mukaphatikiza zonsezi, kuchoka pamene mulipa kufika pa uloya ndi zaka zosachepera zisanu, mwinanso zisanu ndi chimodzi. Thonje ndi nandolo zokha zingavutike kusenza mtolo umenewo, makamaka ku sukulu zomwe si zaboma. Pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo limathandiza okhawo amene ali m'masukulu ovomerezeka. Ndi ngongole, mudzabweza mukayamba ntchito, komanso si onse ofunsira amene amaipeza.

Tsopano za paralegal, pamene ndikufuna nditayepo nthawi, chifukwa nkhani ya achimwene anu ikundiuza kuti mwina mtima wanu uli kuno ngakhale simunazindikire. Amalume anu akuti mudzakhala loya wamng'ono. Ndikumvetsa chimene akutanthauza, koma mawu amenewo asocheretsa ambiri. Paralegal si loya amene sanamalize sukulu. Ndi ntchito ina payokha, monga momwe kilinikolo ofesa pa chipatala chaching'ono kumudzi alili: si dokotala wamkulu, koma ndiye amene odwala ambiri amakumana naye, amathana ndi zambiri yekha, ndipo amadziwa nthawi yotumiza wodwala ku chipatala cha pa boma. Maloya m'dziko muno ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Munthu woganiziridwa kuba mbuzi kwa Kalembo kapena ku Phalula sakumana ndi loya. Akachita mwayi amakumana ndi paralegal.

Pa ntchito imeneyi Malawi ali ndi mbiri yonyaditsa imene ife eni ake sitiidziwa. Mu 2000 kunayambika gulu la ma paralegal ochepa chabe olowa m'ndende zikuluzikulu, mothandizidwa ndi bungwe la Penal Reform International, ndipo gululi ndi limene linadzakhala Paralegal Advisory Service Institute, PASI. Ankasonkhanitsa akaidi a pa rimandi pabwalo la ndende n'kumawaphunzitsa kudzera m'timasewero: wina akhala majisitireti, wina woimira boma, wina woimbidwa mlandu, kuti munthu adziwe mmene angapemphere belo yekha, kusiyana kwa kuvomera ndi kukana mlandu, ndi zimene anganene kuti chilango chimuchepere. Ankalemba mayina a anthu amene akhalitsa popanda kuonekera ku khoti n'kuwapereka kwa oweruza, ndipo anathandiza kuti majisitireti azipita kukakhala m'ndende momwemo kuunika milandu yotere. Njira imeneyi anakaitengera ku Kenya, Uganda, Benin mpaka ku Bangladesh. Mu 2004 nthumwi za maiko ambiri a mu Africa zinakumana ku Lilongwe n'kugwirizana mfundo zokhudza thandizo la zamalamulo kwa osauka, zimene zimatchedwa Lilongwe Declaration, ndipo ma paralegal anaikidwamo. Khoti litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti n'kulakwira malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolamulidwa kunyongedwa, akaidi ambiri anayenera kupatsidwanso chilango china. Amene anayenda m'midzi kufunsa mafumu ndi achibale za moyo wa akaidiwo, kuti oweruza akhale ndi chithunzi chonse, ambiri anali ma paralegal.

Tengani nkhani ya achimwene anu. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limati munthu akamangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, apo ayi amasulidwe, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku losagwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Lamulo la kazengedwe ka milandu, limene linakonzedwa mu 2010, linaikanso malire a nthawi yosungira munthu mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya ku khoti la majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha. Boma likafuna kuonjezera liyenera kupempha ku khoti ndi kupereka zifukwa. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Paralegal wodziwa zinthu zochepazi akanapita ku ndende, kuona kalata yosungira achimwene anuwo ngati siinathe mphamvu, kufunsa woimira boma kumene kuli fayilo, kufufuza achibale awiri oti aikire umboni pa belo, n'kukumbutsa kalaliki wa khoti. Si ntchito yofuna mkanjo wakuda, imafuna miyendo, khama ndi kusatopa kugogoda pa khomo lomwelomwelo.

Pamenepa ndipatuke pang'ono. Ngati achimwene anu akufuna kudandaula za nthawi imene anakhala m'ndende, asachedwe, chifukwa milandu yofuna chipukuta misozi ili ndi nthawi yake imene ikadutsa khoti silimvanso. Apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Ili ndi maofesi akuluakulu ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu komanso ena m'maboma. Atenge pepala lililonse limene ali nalo, alembe tsiku limene anamangidwa, polisi yake, ndi tsiku limene anatuluka. Angathenso kupita ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu. Ine sindingaweruze kuchokera pa kalata ngati mlandu wawo uli ndi mphamvu, pamafunika loya aone mapepala. Inuyo muwaperekeze, mudzaphunzirapo zambiri kuposa sabata yathunthu ya m'kalasi.

Ntchito ya paralegal siithera ku ndende. Kumudzi nkhani zimene zimadya anthu ndi za malo, chuma chamasiye, amuna othawa ana, nkhanza za m'banja ndi malipiro a ganyu kapena a pa esiteti. Paralegal wabwino amadziwa lamulo la chuma chamasiye la 2011, limene limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Amadziwa lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006, la ukwati la 2015, la malo a makolo la 2016, la ntchito la 2000, ndi la chisamaliro cha ana la 2010. Amadziwanso kukhala mkhalapakati, kulankhula ndi ankhoswe ndi anyakwawa mwaulemu, kuti nkhani yoti ithe pansi pa mtengo isakathere ku khoti, komanso kuti nkhani yoti ipite ku polisi, monga kugwirira mwana, isathere pansi pa mtengo. Kwanu ku Balaka, ngati mumalankhula Chiyao pamwamba pa Chichewa, muli ndi chida chimene maloya ambiri ochokera m'tauni alibe.

Koma malire ake muwadziwe. Paralegal sangadzitche loya, sangatsegule ofesi n'kumalipiritsa anthu ngati loya, ndipo kuchita zimenezo ndi mlandu. Kuimira munthu pamaso pa woweruza ndi ntchito ya maloya. Pakhala mkangano waukulu pa nkhaniyi: a Legal Aid Bureau akhala akupempha kuti ma paralegal awo aziloledwa kulankhulira anthu pa milandu ing'onoing'ono m'makhoti a majisitireti, pamene bungwe la maloya linkakana. Ine maganizo anga ali kumbali ya a Bureau, chifukwa m'makhoti omwewo woimira boma kawirikawiri amakhala wapolisi wopanda digiri ya zamalamulo, ndipo woweruzayo nayenso nthawi zambiri ali ndi dipuloma. Bwanji wosauka yekha ndiye aime wopanda womulankhulira? Koma maganizo anga si lamulo, ndipo musalipire fizi podalira kuti zinthu zisintha.

Nanga amaphunzira kuti? Malo awiri aboma amene akhala akudalirika ndi University of Malawi, imene ili ndi dipuloma ya zamalamulo kupatula digiri ija, ndi sukulu ya ku Mpemba kunja kwa Blantyre, imene kale inkatchedwa Staff Development Institute ndipo tsopano ili pansi pa Malawi School of Government. Ku Mpemba kwadutsa majisitireti ndi makalaliki a khoti ambiri. Zofunika polowa amalengeza okha m'nyuzipepala ndi pa masamba awo a intaneti nthawi yolembetsa ikafika, ndipo muziwerenge bwino chifukwa nthawi zina amafuna munthu amene ali kale pa ntchito. Dipuloma yotere imatsegula makomo ochuluka kuposa mmene anthu amaganizira: ukalaliki ndi kumasulira ku khoti, umajisitireti wa magiredi a m'munsi, ntchito ku Legal Aid Bureau, kufufuza madandaulo ku ofesi ya Ombudsman imene imamva madandaulo a anthu ochitiridwa zosalungama, kuthandiza maloya m'maofesi awo, ngakhale m'makampani a inshuwalansi ndi m'mabanki kumene kuli mapepala ambiri a mgwirizano. Mabungwe monga PASI, CHREAA (loona za ufulu wa anthu) ndi CCJP (la mpingo wa Katolika, loona za chilungamo ndi mtendere) amagwiranso ntchito ndi ma paralegal, ndipo ena amawaphunzitsa okha.

Koleji ya amalume anuyo sindikuidziwa dzina, ndipo sindinena kuti ndi yoipa. Koma pali zinthu zoti mufufuze musanapereke tambala. Funso loyamba ndi lakuti satifiketi idzachokera kwa yani. Makoleji ambiri m'tauni sapereka satifiketi yawo, amangokukonzekeretsani mayeso a mabungwe a ku Britain. Mayesowo amalipiridwa paokha, mtengo wake umatsata paundi, ndiye kwacha ikagwa fizi imalumpha pakati pa chaka. Chachikulu ndi chakuti amaphunzitsa malamulo a ku England. N'zoona kuti malamulo athu ambiri anachokera kumeneko, ndiye pa nkhani za mgwirizano wa malonda mudzapindulako. Koma simudzamva kalikonse za gawo 42, za chikamwini ndi chitengwa, za malo a makolo, kapena mphamvu za majisitireti wa giredi yachiwiri. Mayi wolandidwa munda akadzabwera kwa inu, mabuku amenewo sadzakuthandizani. Pemphani kuona mndandanda wa maphunziro onse a zaka ziwirizo, ndipo muone ngati muli malamulo oyendetsera dziko lino, kazengedwe ka milandu, malamulo a banja ndi a malo a kuno kwathu.

Chachiwiri ndi chivomerezo. NCHE imatulutsa mndandanda wa masukulu ndi maphunziro ovomerezeka. Samalani apa, chifukwa kulembetsedwa ndi kuvomerezedwa ndi zinthu ziwiri: sukulu ikhoza kukhala ndi chilolezo chotsegula, koma maphunziro mukufunawo asanayesedwe n'kuvomerezedwa. Ikhoza kuvomerezedwa pa za bizinesi koma osati pa zamalamulo, kapena nthambi ya ku Lilongwe yokha osati ya ku Blantyre. Akakuuzani kuti "zili m'kati, zituluka posachedwa", mutenge ngati yankho lakuti ayi. Boma likamalemba ntchito limayang'ana pepala lochokera ku sukulu yovomerezeka, ndipo pa intavyu palibe amene adzamvere zoti munalonjezedwa. Funsaninso amene amaphunzitsa: kodi ndi maloya kapena majisitireti amene anagwirapo ntchito m'makhoti athu? Kodi ophunzira amatumizidwa ku khoti kapena ku bungwe lina kukaphunzira pogwira? Pemphani akulumikizeni ndi anthu awiri kapena atatu amene anamaliza zaka zapitazo, mumve kumene akugwira. Koleji yabwino imanyadira funso limeneli. Ndipo akakuuzani kuti dipuloma yawo idzakulowetsani ku digiri ya zamalamulo, lembani kalata kwa mlembi wamkulu wa yunivesite akutchulayo, akuyankheni polemba. Fizi muzilipira teremu ndi teremu ku akaunti ya banki ya sukulu, osati m'manja mwa munthu, ndipo malisiti onse musunge.

Za criminal justice sindichulutsa. Ndi maphunziro a mmene umbanda umayambira ndi mmene polisi, makhoti ndi ndende zimagwirira ntchito. Sakupatsani mphamvu ya uloya, ndipo sakulowetsani upolisi, chifukwa apolisi amalemba okha anthu n'kuwaphunzitsa ku masukulu awo monga ku Limbe ndi ku Mtakataka, a ndende nawonso ku Mapanga. Mzuzu University ili ndi maphunziro a zachitetezo, ndipo ku Zomba kuli a utsogoleri pa ntchito yosungitsa malamulo, koma amene amapindula nawo msanga ndi anthu omwe ali kale mu yunifolomu ndipo akufuna kukwera. Kwa mtsikana wochokera ku fomu 4, wolipira ndi ndalama ya ulimi, ndingaike njira imeneyi kumapeto. Ngati chimene chimakukhudzani ndi ana ogwidwa ndi apolisi, ganizirani maphunziro a social work, a ntchito yosamalira anthu, kapena koleji ya boma ya ku Magomero. Lamulo la chisamaliro cha ana la 2010 lija linabweretsa makhoti a ana ndi njira yopatutsira mwana kuti asalowe m'ndende, ndipo amene amalemba malipoti a mwanayo ndi a ofesi yosamalira anthu pa boma.

Ndikuuzeninso zowawa zake, kuti musadzati sanandiuze. Ntchito zambiri za ma paralegal m'mabungwe zimakhala za kontilakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, zodalira ndalama za maiko akunja. Thandizo likadulidwa, monga mmene boma la America linachitira mu 2025, anthu amabwerera pakhomo ngakhale ali akhama. Malipiro ake si a galimoto. Ndende zathu monga Maula ndi Chichiri ndi zodzaza kupyola muyezo, ndipo khoti lenilenilo linanena mu 2009, pa mlandu wa Masangano, kuti kuthithikana kumeneko n'kuphwanya ufulu wa akaidi. Mudzalowa m'malo a fungo, a chifuwa chachikulu, mudzamva nkhani za ana ogwiriridwa zimene zidzakusowetsani tulo. Mudzathandizanso anthu amene analakwadi, chifukwa nawonso ali ndi ufulu, ndipo kumudzi ena adzakunenani kuti mukuikira kumbuyo mbava. Kuli chiyeso cha ndalama: pa khoti lililonse pamayendayenda madobadoba olonjeza kuti "ndikudziwana ndi abwana", ndipo munthu wodziwako malamulo koma wosowa ntchito sachedwa kugwera m'gulu limenelo. Ndaona achinyamata aluso ataononga dzina lawo chifukwa cha kandalama ka tsiku limodzi, ndipo pa ntchito ino dzina likada palibenso loya kapena bungwe limene lingakutengeni.

Mukandifunsa chimene ndingachite ndikanakhala inu, ndingayambe ndi kufunsira malo ku yunivesite ya boma, chifukwa n'kotsika mtengo, kuli mwayi wa ngongole, ndipo khomo la uloya limakhala lotseguka. Zikakanika, ndingatsate dipuloma ya zamalamulo ya ku Zomba kapena ku Mpemba, n'kuyamba ntchito, digiri n'kudzaiganizira ndili ndi malipiro anga. Majisitireti ndi maloya angapo amene ndimawalemekeza anayenda njira imeneyi, ndipo amadziwa za m'kaundula wa khoti kuposa anzawo amene anangowongoka. Koleji ya amalume ibwere pokhapokha yapambana mafunso aja.

Pamene mukudikira, musakhale manja lende. Makhoti ndi otseguka kwa aliyense, kupatula milandu ya ana ndi ina yochepa. Pitani ku khoti la majisitireti pa boma, valani mwaulemu, khalani kumbuyo ndi kope lanu, mumvetsere mmene amawerengera mlandu, mmene womasulira amasinthira mawu, ndi mmene woimbidwa mlandu amasowera chofunsa mboni. Mukapitako kangapo mudzadziwa nokha ngati mtima wanu ukukhazikika pamenepo kapena ayi. Dziperekeni kuthandiza ku ofesi ya CCJP ya ku parishi kapena ku bungwe lina loona za ufulu limene lili pafupi, ngakhale popanda malipiro, chifukwa polemba ntchito amakonda amene anagwirapo. Werengani nyuzipepala ya Chingelezi tsiku lililonse limene mungaipeze n'kumalemba mwachidule zimene mwawerenga, poti ntchito yonseyi ndi kuwerenga ndi kulemba. Malamulo oyendetsera dziko ndi zigamulo zambiri zimapezeka mwaulere pa tsamba la intaneti la MalawiLII, mungathe kuyamba ndi mutu wachinayi wonena za ufulu wa anthu. Phunziraninso kutayipa pa kompyuta.

Amalume anu musawatsutse pagulu, anayenda chifukwa chokufunirani zabwino. Apempheni kuti mupitire limodzi ku kolejiyo, mafunso muwalembe papepala, iwo ndiwo afunse, chifukwa munthu wamkulu savuta kumupatsa mayankho enieni. Mukabwerako, mundilemberenso dzina lenileni la maphunzirowo, bungwe limene limapereka satifiketi, ndi mndandanda wa zimene amaphunzitsa, tidzaziunikire limodzi bambo asanagulitse nandolo.